Nkhanu za Amalume

Nditafika ku Nairobi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndinali ndi sutikesi imodzi, satifiketi ya ulembi ndi mtima wodzimva kuti palibe chimene chingandidabwitse. Ndinali nditakhalako ku Lilongwe zaka zitatu, ndiye ndinkadziyesa munthu wa m'tauni wotheratu. Ntchito ndinaipeza pa ofesi ina ya mpingo, yotayipa makalata ndi kuyankha foni. Anthu akutchalitchi ndi amene anandipezera chipinda ku Buruburu, kwa mayi ena amasiye amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo.

Mayiwa sanali a ku Nairobi. Kwawo kunali pa kachilumba kena ka m'nyanja yamchere, kumpoto kwa Mombasa, ndipo ankakutchula kwawoko katatu patsiku ngati mankhwala akuchipatala. Anali aafupi, athupi, amawu okweza, osadziwa kunong'ona ngakhale m'tchalitchi. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti ndiziwaitana kuti mama, ndiponso kuti ndileke kukwecha mapoto awo ndi mchenga ngati ndili kumtsinje. Tinkalankhulana m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa chotsimphina, koma tikayamba kukangana tinkamvana bwinobwino.

Loweruka lina m'mawa, akupita kukagula nsalu m'tauni, anandiuza kuti kubwera katundu wochokera kwa alongo awo pa basi ya ku Mombasa.

"Umulandire bwino, mwananga," anatero ali pageti. "Wayenda ulendo wautali."

Patapita nthawi panafika bambo wa njinga ndi dengu loluka ndi masamba a kanjedza, losoka pakamwa, lonyowa, lonunkha matope. Ndinalinyamula n'kuliika pakati pa balaza. Dengulo linayamba kulira lokha, kwekwerekwe, kwekwerekwe. Munthu wanzeru akanadikira eni ake. Ine ndinatenga mpeni.

Munali nkhanu zisanu ndi imodzi. Nkhanu ndinkazidziwa, tija ta m'mitsinje ya kwathu ku Ntchisi, tothawa munthu akangogubuduza mwala. Izi zinali zina. Iliyonse inali yoposa mbale yodyera, yakuda mobiriwira, ndi zopanira zonenepa ngati dzanja la mwana. Zopanirazo zinali zomangidwa zolimba ndi luzi, ndipo maso ake, oima pa timitengo, ankandiyang'ana mwachisoni.

Tsono kwathu nkhuku ikabwera kuchokera kutali itamangidwa miyendo, chinthu choyamba umaimasula, n'kuipatsa madzi ndi timadeya, ngakhale ukudziwa kuti mawa uizinga. Amayi anga akanamva kuti ndasiya cholengedwa cha Mulungu chili chimangidwire nditauzidwa kuti ndichilandire bwino, akanandikana kuti si ine mwana wawo. Ndinatenga sizasi ya mama yodulira nsalu, n'kudula luzi lonse, imodziimodzi. Ndinaziika m'beseni, n'kuthiramo madzi apampopi. Ndinawazamonso timpunga, kuti mwina zili ndi njala. Ndiye ndinapita kuseri kukachapa, mtima uli mbee, ndikuimba nyimbo yakwaya.

Pobwerako ndinapeza m'beseni muli mpunga wokhawokha. Nkhanu ina inali pansi pa sofa, ina itagwira mwendo wa makina osokera ngati ikufuna kuwagula. Yaikulu kwambiri inaima pakhomo la kukhitchini itakweza zopanira zonse ziwiri, monga amachitira wapolisi poimitsa matatu, maminibasi a ku Nairobi. Nditasuntha, nayonso inasuntha, cham'mbali, molunjika zala zanga zakumapazi. Sindikumbuka mmene ndinakwerera patebulo. Ndimangokumbuka kuti mama anandipeza pamenepo, nditagwira tsache, ndikuzikalipira m'Chichewa.

Anaseka mpaka anakhala pansi, nsalu zili mbwee. Ataona mpunga m'beseni anayambiranso. Kenaka anavula nsapato, n'kuyamba kuzitola: phazi pamsana, dzanja kumbuyo, mumphika. Zisanu zinapezeka tsiku lomwelo. Yachisanu ndi chimodzi ndinakumana nayo Lolemba m'mamawa kubafa, ndipo anthu a nyumba yoyandikana nafe anatuluka poganiza kuti kwalowa akuba.

Madzulo a Loweruka limenelo mama anaziphika ndi mkaka wa kokonati, tsabola ndi mandimu. Ine ndinakana. Ndinati kwathu sitidya akangaude, ngakhale akule chotani. Mama sanandinyengerere. Anangoswa chopanira chimodzi ndi chipande n'kundiikira pambali pa mpunga wanga. Ndinalawa kuti ndiwasonyeze kuti n'zoipa. Ndinamaliza nkhanu yathunthu, ndikuyamwa ndi timiyendo tomwe, msuzi ukutsikira m'zigongono.

Tikudya pamenepo ndi pamene anandiuza za alongo awo, amene kuyambira tsikulo ndinayamba kuwatcha amalume. Anati chilumba chawo chinazunguliridwa ndi mitengo imene kumeneko amaitcha mikoko, mitengo yomera m'madzi amchere, yoima pa mizu yake pamtunda ngati yakwinya nsalu kuti isanyowe. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwera kawiri patsiku. Ikaphwera imasiya matope ofika m'ntchafu, ndipo m'matopemo, pansi pa mizu, ndi mmene nkhanu zimakumba mauna. Amalume ankalowamo ndi ndodo ya ngowe kuyambira ali mwana. Una uliwonse ankaudziwa ngati khomo la mnansi. Nkhanu yaing'ono kapena yaikazi yokhala ndi mazira ankaibweza.

"Sadziwa ntchito ina iliyonse," anatero mama, akupukuta m'manja. "Anayesapo ku Mombasa ali mnyamata, anadwala sabata ziwiri, nsapato zokha zinamutupitsa mapazi. Dengu ili likamabwera, ndimadziwa kuti mlongo wanga ali pamalo pake. Nkhanu zikadzatha adzabwera kuno, ndipo munthu ngati uja, Nairobi muno ndi ndende. Chimene ndimaopa ine n'chimenecho."

Ine ndinaseka. Ndinati nkhanu zingathe bwanji, zinthu zoti zisanu ndi imodzi zokha zinadzaza nyumba yonse.

Zaka zinapita, ine ndili ku Buruburu komweko. Ndinaphunzira kukalipira kondakitala wa matatu m'chilankhulo chake, ndinazolowera ndiwo zawo zamasamba zotchedwa sukuma wiki, ndipo pa nkhani ya nkhanu ndinasanduka katswiri. Amalawi anzanga akabwera kudzacheza Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndinkawaphunzitsa kagwiridwe kake monyada, osatchula za tebulo. Mama ndi amene ankatchula, nthawi zonse, ndipo tebulolo linkatalika chaka ndi chaka.

Kalata ina inabwera ndi nkhani yoti pachilumba pakumangidwa hotela ya alendo odzaona malo. Mama anavina pakhonde. Anati ana a kwawo apeza ntchito, magetsi afika, ndipo amayi oyembekezera adzawoloka pa boti la injini m'malo mwa bwato. Zina mwa zimenezi zinachitikadi, ndisaname. Amalume nawo anayamba kugulitsa nkhanu ku hotelako, mpaka anagula wailesi ndi malata.

Koma dengu linayamba kupepuka. Kale nkhanu ziwiri zinkadzaza mphika waukulu, wachikwati uja. Kenaka zinayi zinkalowa mumphika wapakati. Kenaka zonse zinkakwana m'kapoto kophikira tiyi, malo n'kutsalako. Miyezi ina dengu silinkabwera n'komwe, m'malo mwake kunkabwera uthenga woti nyanja yavuta. Tsiku lina mama anatola kankhanu kamodzi, n'kukayang'ana kumaso.

"Iwe, amayi ako akudziwa kuti uli ku Nairobi?" anakafunsa.

Tinaseka tonse, koma iwo tsiku limenelo anadya mpunga ndi msuzi wokha.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akuluakulu a ku ofesi kwathu anaganiza zokachitira msonkhano wa sabata imodzi kunyanja, kuti mitu ikapole. Nditamva dzina la chilumbacho ndinakuwa ndili pa makina otayipira. Inali hotela yomwe ija. Ndinagula chipewa chachikulu, magalasi akuda ndi nsapato zoyera zazingwe. Mama anandipatsira amalume malaya amene anasoka okha, masamba a tiyi ndi shuga, n'kundiuza kuti ndikayang'ane bwino ndi maso anga, chifukwa makalata a alongo awo sankanena kanthu.

Tinatsika boti pa doko lamatabwa, ine ndi anzanga a ku ofesi. Pakati pawo panali abusa ena a ku Mulanje, Mmalawi mnzanga yekhayo pagululo. Tinaima tonse awiri kukamwa kuli yasaa. Mchenga woyera unayalidwa kuchokera kumadzi mpaka kumakhonde, ndipo anyamata ovala yunifolomu ankaupalasa ndi maleki kuti pasapezeke ngakhale tsamba limodzi. Kapinga wometedwa, maluwa m'mizere, dziwe losambiramo lobiriwira ngati sopo.

"Mwaona, achemwali?" anatero abusa, akupukuta magalasi awo. "Iyi ndiye development. Very clean. Kwathu zikanakhala chonchi bwenzi tili patali."

Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinakula ndikudzutsidwa kusanache kuti ndisese pabwalo mpaka dothi liwale. Kwathu tchire pafupi ndi nyumba ndi chizindikiro cha ulesi, malo a njoka ndi udzudzu, ndipo mkazi amene pakhomo pake pamera udzu amamunena kuchitsime. Maso amenewo ndi amene ndinapita nawo kuchilumba. Ndinaona bwalo losesedwa bwino kuposa lililonse limene ndinaonapo, ndipo ndinawachitira nsanje eni ake.

Tsiku lachitatu masana kunalibe msonkhano, ndipo wantchito wina anadzandiuza kuti kuli bambo akundifuna kumapeto kwa mchenga. Kumeneko kunali chingwe chimene anthu a pachilumba sankaloledwa kudumpha. Kuseri kwa chingwecho kunaima munthu wamtali, wowonda, waimvi, wopanda nsapato, nkhope yake ya mama yeniyeni koma yosalongolola. Ndinawerama pansi pa chingwe, ndinanyonyomala monga mwa kwathu, n'kupereka katundu ndi manja awiri. Ndiye ndinasonkhanitsa Chiswahili changa chonse chabwino kuti ndiwasangalatse.

"Amalume, koma ndiye akulambulirani bwino kwanu kuno! Tchire lonse lachoka. Ngakhale udzudzu ulibe pokhala."

Anayang'ana mchengawo.

"Eya," anatero. "Alambula."

Kenaka anandifunsa chipinda chimene ndinkagona. Ndinaloza chachitatu kuchokera kudziwe losambiramo.

"Pamenepo panali khwawa," anatero. "Mikoko yake inali yaitali kuposa denga ilo. Nkhanu zazikulu zonse zimene ndinkatumiza kwa mlongo wanga zinkachokera pamenepo." Anandiyang'ana, maso ake akuseka. "Ija inakukweza patebulo, kwawo kunali pansi pa bedi lako."

Ndiye kuti chilumba chonse chinkadziwa za tebulo. Ndinaseka nawo, koma manyazi anali atandigwira, ndipo sanali manyazi a tebulo. Ndinali nditangoyamikira munthu kuti amugwetsera bwino nkhokwe yake.

Ananditenga pabwato lawo kuzungulira kuseri kwa chilumba, kumene mikoko inatsalako. Madzi anali ataphwera, ndiye tinatsika. Phazi langa loyamba linalowa m'matope mpaka m'bondo n'kutuluka lopanda nsapato. Lachiwiri linachitanso chimodzimodzi. Amalume anati ndisadandaule, matopewo amabweza zinthu pakatha zaka. Chipewa chinakodwa m'nthambi, magalasi akuda ndinavula ndekha chifukwa ndinkangogunda mizu. Ndinkayenda nditagwira siketi m'manja, ndikutchula mayina a makolo anga.

Koma nditasiya kulimbana ndi matope ndinayamba kuona. Pansi ponse pankayenda. Tinkhanu ting'onoting'ono, kalikonse ndi chopanira chimodzi chofiira, tinkakweza manja ngati ana a sukulu odziwa yankho. Panali tinsomba ta maso otuluka timene tinkadumpha pamatope kunja kwa madzi, tina titakwera mizu, osachita manyazi kuti ndife nsomba. Nkhono zinamatirira pamitengo. M'zithaphwi munali tiana ta nsomba tosawerengeka, ndipo amalume anati nsomba zambiri za m'nyanja yaikulu zimakulira mmenemo, mobisala, zisanapite kwakuya. Chimene ine ndinachitcha tchire chinali mudzi wa anthu ambiri kuposa Buruburu.

Akakowa atatu anauluka patsogolo pathu, ine n'kuwomba m'manja. Amalume anati kale madzulo mitengo inkayera ndi mbalamezo, moti munthu wobwera pabwato ankaona ngati wina wayanika zovala chilumba chonse. Anandionetsa zitsa, mizere ndi mizere, za mikoko imene inadulidwa kukhala milimo ndi mapaso a madenga okongola amene ndinkadyera pansi pake. Anandionetsa paipi imene inkalavula madzi otuwa, onunkha mankhwala ochapira, ndipo mozungulira pamenepo matope anali zii, opanda una ngakhale umodzi. Boti la injini linadutsa likukoka mzungu woimirira pathabwa. Anatibayibitsa mosangalala, ine n'kumubayibitsanso mosaganiza. Mafunde ake atafika, chigulumwa cha dothi la gombe chinagwera m'madzi pamodzi ndi kamtengo kake.

Amalume ankapisa ngowe yawo muuna uliwonse, n'kumvetsera ndi dzanja. Mulibe. Wina, mulibe. Tinayenda mpaka ine ndinatopa. Anagwira ziwiri zokha, zonse zazing'ono. Imodzi anaitembenuza, n'kundionetsa mazira achikasu odzaza pamimba pake, n'kuibwezera muuna.

"Mawa wina aitenga," anatero. "Khitchini ya hotela sifunsa ngati ili ndi mazira. Anyamata onse a pachilumba tsopano ali ndi ngowe."

"Nanga mukuibwezeranji?"

"Dzanja linazolowera."

Ndinabwerera ku hotela wopanda nsapato, matope mpaka m'chiuno. Mlonda anafuna kundibweza pachingwe paja, mpaka abusa anachita kudzandichitira umboni kuti ndine mlendo wolemekezeka. Pa chakudya chamadzulo panali nkhanu, mulu wonse m'mbale yaikulu yasiliva, ting'onoting'ono, tokongoletsedwa ndi mandimu. Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana. Ndinadya, ndipo tinali tokoma, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimadzipsera mtima.

Nditabwerera ku Nairobi mama anandidikirira pageti. Ndinawauza kuti amalume ali bwino, malaya anawakwana, ndipo akupereka moni. Ndinawaonetsa zithunzi zimene abusa anajambula: ine padoko, ine padziwe losambiramo, ine ndi chipewa chisanakodwe. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, akutembenuza, kufunafuna malo amene akanawazindikira.

"Apa ndi pati?" anafunsa.

Ndinawauza. Anandibwezera zithunzizo, n'kukakhala pamakina awo. Tsiku limenelo sanandikalipire pa chilichonse, ndipo ndinakusowa kukalipa kwawoko.

Chaka chisanathe amalume anafika ku Buruburu ndi kachikwama kamodzi, atavala nsapato zobwereka. Mama anapha nkhuku, anaseka mokweza, anaitana anansi kuti adzaone mlongo wawo. Kukhitchini, tili awiri, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Wabwera," basi. Misozi anaipukuta ndi nsalu yogwirira mapoto, n'kunamizira anyezi.

Amene anawapezera ntchito ndi ine. Mlonda wa masana pa ofesi yathu anali atapuma, ndipo ndinayenda ofesi ndi ofesi kuuza akuluakulu kuti ndili ndi amalume okhulupirika, osamwa mowa, amaso akuthwa. Anawapatsa yunifolomu ya buluu, chipewa, kampando ndi kanyumba kamatabwa pambali pa geti. Ndinanyada sabata yathunthu. Ntchitoyo ankaigwira bwino zedi. Galimoto iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake isanakhote, ndipo abusa ankawatama pamisonkhano. Matatu ndi amene sanawazolowere. M'mawa uliwonse tinkakwera limodzi, iwo atagwira mpando wakutsogolo ndi manja awiri, munthu amene ankaimirira m'bwato pamafunde osagwira kanthu.

Tsiku lina masana, mwezi wotentha, ndinatuluka kukagula chakudya. Fumbi linali koboo, mumsewu magalimoto atathinana, mahutala akulira mbali zonse. Ndinawapeza amalume ataimirira kunja kwa kanyumba kawo, osayang'ana msewu kapena geti, mutu utapendekeka pang'ono ngati munthu womvetsera wailesi ya kwa eni.

"Amalume, kwagwanji?"

"Madzi ayamba kuphwera," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati chitsiru. Panali khoma, waya waminga ndi mayi wowotcha chimanga kutsidya kwa msewu. Nyanja inali ulendo wa tsiku lathunthu pabasi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Mawondo amandiuza. Kawiri patsiku, tsiku lililonse chifikireni kuno." Anamwetulira ngati akupepesa. "Ino ndiyo nthawi yonyamuka, mwana wa mlongo wanga. Ndikachedwa, madzi andipeza ndili pakati."

Kumbuyo kwathu galimoto ya abwana inaliza hutala kawiri. Amalume anakonza chipewa chawo, n'kuthamanga motsimphina mu nsapato zija kukatsegula geti.